Kusinkhasinkha za chifundo kukundisiya ndi tulo, misozi ndi mkwiyo: ndikulakwitsa pati?

NaNgozo wa ku Mabvuku

Moni nonse abale. Ndimagwira ntchito yosamalira agogo odwala panyumba ina ku Avondale, ndipo ndimafika kwathu madzulo nditatheratu. Mnzanga anandiuza za njira ya Abuda yotchedwa metta, yoti munthu umakhala phee n'kumafunira anthu zabwino mumtima. Ndayamba kuyesa usiku ndisanagone, koma zinthu zitatu zikundivuta. Ndikangotseka maso ndimayamba kuodzera. Ndikaganizira agogo amene ndimawasamalirawo, m'malo mopeza mtendere ndimangolira, ndipo kumacha mtima uli wolemera. Ndikafika pofunira zabwino m'bale wanga wina amene anandilakwira, mtima umachita kuwira, tulo n'kuthawiratu. Chinanso, ine ndine wa mpingo ndipo sindikufuna kusiya chikhulupiriro changa. Amene mukuzidziwa bwino ndithandizeni, mundiuze mwatsatanetsatane.

A Phiri a ku Highfield

Mayi NaNgozo, ine ndiyankhepo za tulo ndi kakhalidwe ka thupi, chifukwa zimenezi zikapanda kukhala bwino, zinazo sizingayende.

Vuto loyamba ndi nthawi. Munthu amene wanyamula wodwala tsiku lonse, waima pamzere wa kombi, wadya nsima n'kukhala pabedi, thupi lake likudziwa chinthu chimodzi basi. Sinthani, muzichita m'mawa mutasukusula, musanagwire foni. Ngati m'mawa n'kosatheka, chitani mukangofika kunyumba, musanadye. Yambani ndi mphindi 10 tsiku lililonse. Mphindi 10 za tsiku ndi tsiku zimapindula kuposa ola lathunthu la Lamlungu lokha. Tcherani alamu ya mawu ofatsa kuti musamasuzumire wotchi.

Musakhale pabedi. Tengani mpando wolimba, mukhale chakutsogolo kwake osatsamira, mapazi onse awiri ataponda pansi. Ngati mwakonda pamkeka, pindani bulangete kuti likwere masentimita 10 kapena kuposerapo, mukhalire m'mphepete mwake. Cholinga n'choti chiuno chikwere kuposa mawondo. Chiuno chikatsika, msana umapindika, mutu umagwera kutsogolo, mpweya umachepa, ndipo tulo timalowera pomwepo. Manja agone pantchafu, mapewa agwe okha, chibwano chibwerere pang'ono chakukhosi, lilime likhudze kuseri kwa mano a m'mwamba. Inu amene mumaodzera musatseke maso. Atseguleni pang'ono, muyang'ane pansi patsogolo panu pa mtunda wa mita imodzi ndi theka, osalunjika chinthu chilichonse. M'miyezi ya June ndi July fundani kumapewa, koma musadzikwirire mpaka kumva kutentha kwa pabedi.

Kenako mpweya. Musaukoke mwamphamvu kapena kuutalikitsa dala, apo ayi mumva chizungulire ndi kuthina pachifuwa. Usiyeni uyende wokha. Sankhani malo amodzi oumverapo, kaya pakhomo pa mphuno, kaya pamimba pamene pakutukuka ndi kuphwa, ndipo musamasinthesinthe. Mukatulutsa mpweya werengani mumtima 1, wotsatira 2, mpaka 10, n'kuyambiranso. Buku la Visuddhimagga, limene mphunzitsi wa Chibuda Buddhaghosa analemba ku Sri Lanka m'zaka za m'ma 400, limalangiza kuti powerenga osalekeza musanafike pa 5 ndiponso osapitirira 10. Limati mukalekeza pafupi maganizo amapiringizika ngati ng'ombe m'khola lopanikiza, ndipo mukapitirira 10 mumayamba kutsatira manambala m'malo mwa mpweya. Mukadzazindikira kuti mwafika pa 17, kapena muli kale kumsika m'maganizo, bwererani pa 1 mosadzikalipira. Kuzindikira kuti mwasochera n'kubwerera ndiyo ntchito yeniyeniyo, ndipo kuzichitika kambirimbiri pa mphindi 10 zomwezo.

Tulo tikakakamirabe, m'malemba akale a Chibuda a m'chinenero cha Chipali muli malangizo amene Buddha anapatsa wophunzira wake Moggallana ataona kuti akuodzera. Ena mwa iwo ndi awa: kunena mokweza mawu amene unaloweza, kukoka makutu onse awiri ndi kusisita manja ndi miyendo, kudzuka n'kusukusula m'maso ndi madzi kenako kuyang'ana kumwamba kuli nyenyezi, ndiponso kuyendayenda. Poyenda sankhani kanjira ka mapazi 10 kapena 15 pakhonde, muziyenda pang'onopang'ono uku mukumva phazi likunyamuka, likusuntha, likuponda. Zonse zikakanika, langizo lomaliza linali logona ndithu chakumanja, ndi mtima woti ukadzuka udzukiretu. Ndiye ngati mukugona maola 5 okha usiku, mankhwala ake ndi kugona, osati kulimbana ndi thupi.

Za ululu: dzanzi la m'miyendo silioopsa, limatha mukatambasula. Koma kubaya kwa mkati mwa bondo ndi chizindikiro choti musinthe msanga, mukhale pampando.

Sabata ziwiri zoyamba chitani za mpweya zokhazi. Metta imafuna maganizo amene akhazikikako.

NaBanda wa ku Mufakose

Achemwali, zimene a Phiri anenazo gwiritsani. Ine ndilowe pa misozi ndi mkwiyo, chifukwa zonse ziwiri zachokera pa chinthu chimodzi: mwayambira pa anthu olemera kwambiri pamtima panu.

M'Chibuda muli makhalidwe anayi a mtima amene amaphunzitsidwa pamodzi. Metta ndi kufunira munthu zabwino. Karuna ndi chifundo, kufuna kuti wovutika apepukidwe. Mudita ndi kukondwera mnzako zikamuyendera. Upekkha ndi mtima wokhazikika umene sugwedezeka ndi zabwino kapena zoipa. Mukaganizira agogo odwalawo simukuchitanso metta, mwalowa kale mu karuna, imene ili ndi msampha wakewake.

Dongosolo la metta limene Visuddhimagga imapereka ndi ili: kuyamba ndi iwe mwini, kenako munthu amene umamulemekeza ndipo anakuchitira zabwino, monga mphunzitsi kapena azakhali amene anakulera, kenako bwenzi la pamtima, kenako munthu amene sumukonda komanso sumuda, ndipo wokulakwira amabwera kumapeto. Bukulo limachenjeza kuti usayambe ndi mdani chifukwa mkwiyo umadzuka, usayambe ndi wokondedwa kwambiri chifukwa kavuto kakang'ono kakamugwera umangofuna kulira, ndiponso usasankhe munthu amene anamwalira kapena amene ungamukhumbe. Taonani, awiri oyambawo ndi amene inu mwayambira.

Mawu ake akhale ochepa ndipo asamasinthe. Akalewo tingawanene motere: "Ndikhale wopanda chidani. Ndikhale wopanda zosautsa. Ndikhale wopanda nkhawa. Ndikhale ndi moyo wachimwemwe." Chiganizo chimodzi pa mpweya umodzi wotuluka, kenako mupume kamodzi muli chete, ndiye chotsatira. Mukathamanga amasanduka nyimbo ya pakamwa mtima uli kwina. Mukafika pa munthu wina, muoneni m'maganizo ali moyo, akumwetulira monga mumamudziwira, ndipo mugwiritse ulemu umene mumamupatsa masiku onse: "Mukhale opanda chidani, mukhale opanda zosautsa."

Mukafika pa mphindi 15 zigaweni chonchi: 4 za mpweya, 3 za inu mwini, 3 za wokuchitirani zabwino, 2 za bwenzi, 2 za munthu wapakati, ndi imodzi ya onse a m'nyumba mwanu, a mumsewu wanu, mpaka mzinda wonse. Munthu wapakatiyo musamunyozere. Sankhani mmodzi weniweni, monga mayi amene mumagulako tomato ku Mbare Musika kapena mlonda wa pageti la kuntchito, mukhale naye sabata yathunthu. Pa iyeyu ndi pamene mtima umaphunzira kufunira zabwino munthu amene sakubwezerani kanthu, ndipo luso limenelo ndi limene mudzalifune pa m'bale wanu uja.

M'baleyo musiyeni kaye, ngakhale mwezi kapena iwiri. Pa gawo la wovuta yambani ndi wokutopetsani pang'ono chabe, monga hwindi amene anakuyankhani mwachipongwe. Mphindi imodzi yakwana. Mukamva nsagwada zikulumana, pachifuwa pakutentha, ndipo m'mutu mwayamba mlandu woti "iye anati, ine ndikanati", lekani pomwepo. Bwererani kwa wokuchitirani zabwino uja mpaka mtima utafewa, ndiye muyesenso kapena mulekeretu tsiku limenelo. Kukakamira pamene mtima ukuwira n'kuphunzitsa mtima kupsa, chifukwa chimene mukubwereza ndicho chimakula.

Tsiku lodzafika pa m'baleyo, buku lomwelo lili ndi njira zingapo. Ina ndi kukumbukira chinthu chimodzi chabwino mwa iye, kaya amalankhula mofatsa ndi ana, kaya salephera kufika pamaliro, n'kuika maganizo pa chokhacho. Ina ndi kuona kuti mkwiyowo ukupweteka inu panopa, iye ali mtulo kwawo. Ina ndi kudzifunsa kuti kodi ndikukwiyira chiyani mwa iye, tsitsi lake, zikhadabo, kapena mafupa? Imamveka yachilendo koma imamasula, chifukwa imaphwanya chithunzi cholimba chimene mtima wamumangira. Yomaliza ndi kumupatsa mphatso kapena kulandira yake, ngati zili zotheka. Ndinene momveka: kumufunira zabwino sikutanthauza kuti sanalakwe, kapena kuti mumutsegulirenso khomo kuti akupwetekeni. Mlandu wa pachibale uli ndi akuluakulu ake oukamba. Metta ikungochotsa chidani mwa inu kuti podzakamba mlanduwo mudzakhale ndi mutu wozizira.

Tsopano misozi. Aphunzitsi akale ankati khalidwe lililonse mwa anayi aja lili ndi mdani wakutali ndi mdani wapafupi. Wakutali amaoneka msanga: wa chifundo ndi nkhanza. Wapafupi amafanana nalo mpaka kukupusitsa, ndipo wa chifundo ndi chisoni. Kusiyana kwake mungakumve m'thupi. Chifundo chimatenthetsa pachifuwa koma msana uli chilili, maganizo ali pa wodwalayo, ndipo mukadzuka mumafuna kumuchitira kanthu. Chisoni chimatsamwitsa pakhosi, mapewa amagwera mkati, maganizo amachoka pa agogowo n'kupita pa mantha anu: adzamwalira ndili ndekha, ntchito idzatha, amayi anga nawonso adzatero. Kulira pakokha si kulakwa, ndipo nthawi zina misozi imangodutsa munthu n'kupepukidwa. Koma ngati kukucha mtima uli wolemera, ndiye kuti mwamira.

Chochita chake: agogowo muziwaganizira kwa mpweya 5 kapena 10 basi, m'mawa, osati pogona. Mawu akhale amodzi: "Ululu wanu uchepe, mtima wanu ukhale m'malo." Pakhosi pakayamba kuthina, tsegulani maso, mumve mapazi pansi ndi kulemera kwa thupi pampando. Kenako onjezani mawu a upekkha: "Ndikukusamalirani ndi mtima wonse, koma ukalamba ndi matenda sizili m'manja mwanga." Kwa wosamalira odwala, chiganizo chimenechi n'chofunika kuposa zina zonse, chifukwa n'chimene chimalola kuti mawa mukawasambitsenso ndi manja ofatsa.

NaNgozo wa ku Mabvuku

Zikomo kwambiri a Phiri ndi achemwali a NaBanda, za chisoni zija mwandigwira penipeni. Koma ndikanena kuti "ndikhale ndi moyo wachimwemwe" sindimva kalikonse, zimakhala ngati ndikunama, mwinanso ngati kudzikonda. Ndipo za mpingo zija palibe wandiyankha. Kuno ku Harare alipo malo ophunzirirako?

A Mwale a ku Dzivarasekwa

Mayi, kusamva kanthu si chizindikiro choti mukunama. Chimene mukulima ndi cholinga cha mtima. Kumva kutentha kapena kukoma kumabwera masiku ena, masiku ena ayi, ndipo mukayamba kukufinya kuti kubwere mumangotopa. Funso loti mudzifunse ndi lakuti, kodi ndikufunadi kuti munthuyu zimuyendere? Ngati yankho ndi inde, ntchito yachitika, ngakhale mawuwo amveke ouma.

Apa ndisiyaneko pang'ono ndi a NaBanda. Dongosolo loyamba ndi iwe mwini ndi la m'buku ndithu, ndipo chifukwa chake n'chomveka: umadziika kukhala mboni, kuti monga ine ndimafuna chimwemwe ndipo ndimaopa ululu, ena onse ndi chimodzimodzi. Koma anthu ambiri a kwathu, makamaka amayi amene analeredwa kuti amadya pomaliza, pa iwo eni ndi pamene pamauma kwambiri. Aphunzitsi ambiri a masiku ano amalola kuyamba ndi amene mtima umamutsegukira mosavuta. Yambani ndi wokuchitirani zabwino uja, kenako muganize kuti iyeyo akukuyang'anani n'kukunenerani mawu omwewo. Landirani kuchokera kwa iye kaye, kenako mudzanene nokha. Si kudzikonda. Wodzikonda amafuna zabwino zimugwere yekha, pamene inu mukungodziwerengera pakati pa anthu amene mukuwafunira zabwino.

Ndionjeze za kudzidziwa, chifukwa n'kumene kungakuthandizeni masana muli kuntchito. Chiphunzitso cha Buddha chotchedwa Satipatthana chimatchula malo anayi oikapo chidwi: thupi, kumva kukoma kapena kuwawa, mmene mtima ulili, ndi zochitika za m'maganizo monga zotchinga zisanu, zimene ndi chilakolako, chidani, ulesi ndi tulo, kusakhazikika ndi nkhawa, ndi kukayika. Mphunzitsi Mahasi Sayadaw wa ku Burma, amene anamwalira mu 1982, anafalitsa njira yosavuta yochitira zimenezi, yotchula mumtima chimene chikuchitika ndi liwu limodzi: "kuganiza", "kumva", "kuwawa", "kukwiya". Tchulani mofatsa kamodzi kapena kawiri, muone pamene chikukhala m'thupi, n'kubwerera ku mpweya. Zolakwika zofala ndi ziwiri. Ena amatchula ndi mtima wothamangitsa, ngati akukalipira galu, ndipo chinthucho chimakula. Ena amayamba kufukula kuti n'chifukwa chiyani ndakwiya, ndani anayamba, n'kupezeka abwerera mu mlandu uja.

Gawo lachiwiri lija, la kumva kukoma kapena kuwawa, ndi lofunika kuliyang'anitsitsa. Mkwiyo usanafike pamayamba kakuwawa kakang'ono. Agogo alavula phala limene mwaphika, kapena mwana wawo wakufunsani ngati simunagwire ntchito: pamimba pamachita kuti nyuu, kenako nkhani imayamba m'mutu, kenako mawu amatuluka. Mukaphunzira kugwira kakuwawako n'kutchula kuti "kuwawa", n'kupuma katatu musanayankhe, mumapeza mpata wosankha mawu. Mangirirani chizolowezichi pa zinthu zimene mumachita kale: posamba m'manja musanagwire wodwala pumani katatu mukumva madziwo, ndipo pokhala mu kombi funirani zabwino munthu mmodzi amene mwakhala naye pafupi.

Za mpingo ndikuuzeni zoona zake zonse. Kuwerenga mpweya ndi kufunira anthu zabwino mulibe kupembedza kapena kuitana mzimu uliwonse, ndipo Akhristu ndi Asilamu ambiri amachita osasiya chipembedzo chawo. Buddha mwiniyo anali munthu, Siddhartha Gautama, amene anaphunzitsa kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Koma Chibuda ndi chipembedzo chathunthu chokhala ndi ziphunzitso zake za kamma (zochita za munthu ndi zotsatira zake), za kubadwanso ndi za nibbana (kumasuka kotheratu ku mavuto ndi ku kubadwanso), zimene sizifanana ndi za mpingo wanu, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kukunamizani. Mpingo ndi mpingo umaziona mosiyana. Ngati mtima ukukayika, kambiranani ndi abusa anu, muwafotokozere ndendende zimene mumachita pa mphindi 10 zija, chifukwa kukayika kosayankhidwa kumasokoneza kusinkhasinkha komweko.

Malo alipo. Ku Monavale kuli Kagyu Samye Dzong, ya Chibuda cha ku Tibet, yolumikizana ndi Samye Ling ya ku Scotland imene inakhazikitsidwa mu 1967. Rob Nairn, mphunzitsi amene anakulira m'dziko lino la Zimbabwe, anathandiza kwambiri kufalitsa maphunzirowa kuno ndi ku South Africa. Mukapita mukapeza chifanizo cha Buddha, anthu ena akugwada ndi kuimba mapemphero a Chitibeti. Funsani kaye kuti ndi nthawi iti ya ongoyamba kumene yophunzira kukhala chete, ndipo muwauze poyera kuti ndinu wa mpingo. M'mwambo umenewo mudzamvanso za tonglen, yoti pokoka mpweya umaganiza kuti ukulandira mavuto a wina ndipo potulutsa ukumupatsa mpumulo. Ndi njira yamphamvu, koma kwa inu panopa ayi, mpaka za chisoni zija zitakhazikika ndiponso muli ndi mphunzitsi pafupi. Chimodzimodzi maphunziro a masiku 10 a vipassana (kusinkhasinkha koyang'anitsitsa zochitika m'thupi ndi m'maganizo) a njira ya mphunzitsi S. N. Goenka, odzuka 4 koloko m'mawa n'kusinkhasinkha pafupifupi maola 10 pa tsiku. Kuthamanga sikufika.

NaChisale wa ku Tafara

Ndiikepo mawu a zaumoyo, chifukwa ntchito yosamalira odwala imadya munthu mwakachetechete. Achemwali, dziyang'anireni zizindikiro izi: mtima wolemera pafupifupi tsiku lililonse kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo, kusakondwanso ndi zimene munkakonda, kusowa tulo kapena kudzuka pakati pa usiku maganizo ali piringupiringu, kusafuna kudya, kapena kuganiza kuti bola kufa. Zikakhalapo, kusinkhasinkha kokha sikokwanira, ndipo kukhala nokha chete ndi maganizo otere kungawakulitse. Pitani kukiliniki ya kufupi ndi kwanu mukafunse za Friendship Bench. Ntchitoyi anaiyambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare mu 2006, ndipo agogo ophunzitsidwa amakhala nanu pabenchi, kumva mavuto anu ndi kukuthandizani kuwasanja limodzi ndi limodzi. Maganizo ofuna kudzipweteka akabwera musadikire, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala.

Chachiwiri, anthu ena amene anakumana ndi zoopsa, monga kumenyedwa, kugwiriridwa kapena ngozi ya pamsewu, akaika maganizo pa mpweya kapena pachifuwa amayamba kubanika, mtima kugunda kwambiri, zakale n'kubwerera ngati zikuchitika panopa. Zikatero musapirire poganiza kuti n'kuyeretsedwa. Tsegulani maso, tchulani mokweza zinthu 5 zimene mukuziona m'chipindamo, gwirani khoma kapena tebulo, imirirani. Tsiku lotsatira sankhani pokhazikira pena: mapazi, zikhatho, kapena phokoso la panja monga atambala ndi magalimoto. Kuyenda pang'onopang'ono kumene a Phiri anena kumawayanja bwino anthu otere kuposa kukhala pansi. Ndipo amene muli pa mankhwala a BP, a shuga, ma ARV kapena a matenda a maganizo, musasiye kapena kuchepetsa chifukwa choti mwayamba kumva bwino.

A Phiri a ku Highfield

Zoona zimenezo a NaChisale. Mayi NaNgozo, poyesa ngati zikuyenda musayang'ane mmene mphindi 10 zija zakomera, chifukwa masiku ena zidzakhala phokoso lokhalokha. Yang'anani masana: kodi mkwiyo ukabwera ukutenga nthawi yaitali bwanji kuti utsike, kodi mukuugwira usanatuluke pakamwa, kodi mukugona bwanji. Lembani mzere umodzi m'kabuku madzulo alionse, ndipo pakatha sabata zinayi muwerenge zonse pamodzi. Ngati zikuyenda, onjezani mphindi 5. Ngati tulo kapena misozi zikadalipo, bwerani mutiuze nthawi imene mukukhala, mpando umene mukugwiritsa ntchito, ndi gawo limene zikuyambira, tidzaone pokonza.